Uthenga wa pa Khola

Sabata imeneyo mng'ono wanga Zenzi anali ndi zinthu ziwiri zomudikira. Lachisanu anayenera kutsetsereka phiri la chipale chofewa pa mpikisano waukulu wa mayiko, Lamulungu n'kukamva wansembe akulengeza ukwati wake ndi Rupert Pirchner. Ine ndinkaopa cha Lamulungucho. Phiri ankalidziwa kuyambira ali kamwana kovala matabwa otsetserekera aatali kuposa iye mwini, koma banja la a Pirchner ankangoganiza kuti akulidziwa.

Chaka chimenecho mpikisanowo unabwera m'chigwa mwathu momwe, kuno ku Austria, ndipo mwa atsikana anayi oimira dziko lathu, awiri anali a m'mudzi mwathu. Wina anali Zenzi wathu, mwana wa ife oweta ng'ombe kumtunda. Winayo anali Hedi Pirchner, mwana wa eni hotela ya pafupi ndi tchalitchi, mlongo wake wa Rupert yemweyo. Inde, mwamva bwino. Mtsikana amene Zenzi ankalimbirana naye zikho kuyambira kusukulu ndi amene ankati akhale mlamu wake.

Rupert ndiye ankakonza matabwa a Hedi, kuwanola m'mbali ndi kuwapaka phula, ndipo pa mpikisano uliwonse ankakwera naye mpaka kukanyumba koyambira. Mnyamata wa mtima wabwino, sindikana. Koma ubwino wake unali wa mtundu uja wofuna kuti aliyense m'nyumba amwetulire nthawi imodzi, ndipo ine munthu wotere ndimamuopa kuposa wankhanza.

*

Lachinayi masana ndinakazinga makrapfeni, mandasi athu aja a jamu m'kati, ndipo Zenzi anandikoka kuti tikapereke limodzi kuhotela.

"Achemwali, chonde," anandipempha tili pakhomo la kukhitchini, "pakamwa panupo mupatseke lero lokha."

"Ine Loni? Ndinayamba ndatukwana ndani?"

"Wansembe, chaka chatha."

"Anayamba ndi iye."

Tinapeza mayi Pirchner akumwa khofi ndi Irmi, mtsikana wotikita miyendo ya atsikana a timu. Irmi ameneyu anakhala akumuzemberera Rupert zaka zambiri, mwakachetechete ngati mphaka, ndipo mayi Pirchner sankabisa kuti mpongozi wa kumtima kwawo anali iyeyo.

"Tabwera ndi kachakudya pang'ono, mayi," anatero Zenzi akuika dengu patebulo.

Mayiwo anavundukula nsalu ndi chala chimodzi. "Zamafuta, mawa kuli mpikisano? Hedi sadya zimenezi. Kapena n'chifukwa chake mwabwera nazo?"

Irmi anasekera m'kapu. Ine ndinaluma lilime mpaka kumva kuwawa.

"Ndisakubisire, mwana iwe," anapitiriza mayiwo. "Za Lamulungu ndalola chifukwa Rupert wandilirira nyengo yonse yozizira. Koma atambala awiri salira m'khola limodzi. Mawa mmodzi wa inu adzaseka, wina adzalira, ndipo nonse mukufuna kudzadyera patebulo langa lomweli. Udziwiretu kuti amene ndinabereka ine ndi Hedi."

Nthawi yomweyo Hedi analowa ndi Rupert, akukutumula chipale kunsapato.

"Taona, mlamu wako wabwera," anatero Rupert, nkhope ili mwee.

"Za ulamu ndi za Lamulungu," anayankha Hedi osamuyang'ana Zenzi. "Lero ndikuona munthu amene maere amugwera kutsika ine ndisanatsike. Ndiye kuti mawa moyo wanga udzakhala pakamwa pako, Zenzi? Ambuye andichitire chifundo."

Ankanena za kawailesi. Pa mpikisano wotsetsereka, amene wafika pansi koyamba sapuma kaye. Amatenga kawailesi kolankhulirana n'kuuza anzake otsala kumtunda mmene njira ilili: pamene paundana, pamene pakumbika, pamene mphepo ikuvuta. Mukhoza kukhala osalankhulana chaka chathunthu, mukhoza kulimbirana mwamuna, koma pa kawailesi sunama. Wonama pamenepo ali ngati wothira mankhwala pachitsime, ndipo m'chigwa muno sangapezenso womupatsa moni.

Rupert anatiperekeza mpaka pamlatho. Ine ndinatsalira m'mbuyo ngati ndikumanga chingwe cha nsapato, koma makutu alibe chitseko.

"Mawa udzamuuze mawu okoma," ndinamumva akunyengerera. "Kamawu kamodzi kokha kochokera kwa iwe, Hedi afewa. Akafewa Hedi, afewanso mayi."

"Ndidzamuuza zimene ndapeza m'njira. Kawailesi si kokopera alamu, Rupert."

"Ndikudziwa. Ndatopa chabe kukhala pakati ngati mpanda."

"Nanga ndikamupambana, undikwatirabe?"

"Ngakhale utafika pansi chagada, matabwa ali m'mwamba."

"Lavula, iwe! Za kugwa satchula." Zenzi anamumenya paphewa ndi golovesi, onse akuseka. Kanali komaliza kuwamva awiriwa akuseka limodzi.

*

Lachisanu kunacha bwino, dzuwa likuthwanima pachipale mpaka kuwawa m'maso. Chigwa chonse chinakhamukira pothera njira. Ine ndinanyamula belu la ng'ombe yathu yaikulu, bambo ananyamula kabotolo kawo ka kachasu wa zipatso, ati ka mtima.

Njira yathu ili ndi polumphira pamodzi poopsa, pafupi ndi khola lakale la udzu, ndiye timangoti pa Khola. Ukaima pansi pamaoneka bwinobwino. Zenzi atatulukira pamenepo anauluka kutali kuposa masiku onse oyeserera, manja akupalasa m'mwamba, n'kutera ndi thabwa limodzi. Koma mwana wa kumtunda uja anadzikoka, nadziwongola, n'kufika pansi ali patsogolo pa onse amene anali atatsika kale.

Anthu akukuwa, mabelu akulira, iye sanakweze n'komwe manja. Anathamangira kawailesi. Ndinamuona akukuwiramo, dzanja lina atatseka khutu. M'phokoso limenelo palibe amene anamva chimene ananena, ndipo kawailesi ka atsikanako kanali kawokawo, kamodzi pansi, kamodzi kumtunda, aphunzitsi anali ndi awo. Koma mawuwo ndimawadziwa, poti mpaka lero amawabwereza kutulo.

"Rupert, mpatse Hedi! Wakana? Chabwino, umuuze ndiwe. Pa Khola mphepo yatembenuka, ikukankha kumsana. Adzuke asanafikepo, achepetse liwiro, apo ayi imuponya pathyathyathya. Wamva? Adzuke!"

Panatsika mtsikana wa ku Italy, kenako wa ku France, onse atadzuka pa Khola monga anawachenjezera anzawo. Kenako inakwana nthawi ya Hedi.

Wolengeza anakuwa kuti pakati pa njira Hedi ali patsogolo pa Zenzi. Mayi Pirchner anakwera pabenchi ndi chikhothi chawo chaubweya. Hedi anatulukira pa Khola atanyonyomala, mutu pansi, ndodo zotsetserekera m'khwapa, liwiro lonse, ngati munthu amene wauzidwa kuti kulibe choopa. Anauluka. Anapitirira potsetsereka ponse n'kukatera pathyathyathya. Thabwa lina linathyoka, lina linapitirira lokha, mwini wake akugubuduzika mpaka kukamenya mpanda.

Mabelu analeka limodzilimodzi. Langa ndinaligwira ndi dzanja kuti lisalire. Chimene chinatsala ndi mawu a mayi Pirchner akuitana dzina la mwana wawo, kenako phokoso la helikopita.

Mpikisano sudikira wovulala. Anakonza mpanda, atsikana otsala anatsika, mmodzi wa ku Switzerland n'kumuposa Zenzi pang'ono chabe. Mng'ono wanga anavekedwa mendulo ya siliva akulira, ndipo ojambula zithunzi ankaganiza kuti ndi misozi ya chimwemwe.

*

Tinafika kuchipatala dzuwa likulowa, Zenzi asanavule n'komwe zovala za mpikisano. Mendulo anandipatsira m'galimoto kuti ndiibise m'chikwama.

Hedi anali atatsitsimuka. Anagona chagada, atamangidwa kuyambira pachifuwa mpaka m'chiuno, nkhope yotuwa ngati ufa. Mayi ake anakhala kumutu, Irmi pakona, Rupert ataima pawindo.

"Hedi," anatero Zenzi akusendera pafupi. "Pepa, mnzanga. Ndinayesetsa kukuchenjeza."

"Kundichenjeza?" Mawu a Hedi anali otsika, koma aliyense anamva. "Unati njira ili bwino. Unati ndipite ndi mphamvu zonse. Ndipo ine chitsiru ndinakondwa, ndinati kani Zenzi amandifunira zabwino. Tsiku limodzi lokha limene ndinakukhulupirira!"

"Ine? Hedi, ndinati udzuke! Ndinati mphepo..."

"Kawailesi anagwira ndi achimwene. Achimwene, munandiuza kuti chiyani?"

Tonse tinatembenukira kuwindo. Rupert ankayang'ana nsapato zake.

"Ndinakuuza kuti njira ili bwino," anatero.

Zimenezo zinali zoona, ndi zimene anamuuzadi. Zotsalazo anazimeza. Tinadikira kuti awonjezere, koma mnyamata anangoti zii, zala zikusewera ndi chipewa.

Mayi Pirchner sanakuwe. Bola akanakuwa. Anadzuka pang'onopang'ono n'kutsegula chitseko okha.

"Siliva ameneyo wamugula ndi msana wa mwana wanga," anatero. "Tuluka. Za Lamulungu uiwale, kwa wansembe ndipita ndekha."

Kuugwira mtima kwanga kwa Lachinayi kunathera pomwepo. "Mayi inu, tamufunseni bwino mwana wanuyo! Mnyamata iwe, pakamwapo anakuikira kuti uzingodyera?"

"Tiyeni, achemwali." Zenzi anandigwira mkono mpaka zala zake zinalowa m'mnofu. Maso ake anali pa Rupert. Sanamuyang'ane mokwiya ayi, anamuyang'ana ngati munthu amene wafika pakhomo pake n'kupeza atasintha loko. M'galimoto sanalire, anangofunsa ngati ng'ombe ndinazikama.

*

Loweruka m'mawa woyendetsa galimoto ya mkaka anabwera ndi uthenga wa pakamwa: Rupert akudikira pa katchalitchi kakang'ono ka pamwamba pa dambo lathu, pamene anamufunsira Zenzi chilimwe chapitacho. Ndinati asapite. Anapita. Ndinamulondola, ndipo ulendo uno sindinanamizire chingwe cha nsapato.

Rupert anali ndi nkhope ya munthu amene sanaone tulo. Anafuna kumugwira dzanja, Zenzi anaika manja m'matumba.

"Nena," anatero.

"Hedi anakana kugwira kawailesi. Anati, mverani ndinu, si bwenzi lanu? Ndiye ndinamva zonse, Zenzi, mawu alionse. Koma taganiza. Iwe uli patsogolo pa onse, ndiye ine ndimuuze kuti Zenzi akuti uchepetse liwiro? Akanati ukufuna kumubera mendulo. Akanamvera n'kufika pambuyo pako, mayi akanaimba nyimbo imeneyo mpaka kumanda. Komanso ankanjenjemera, ndinamuona manja. Kumtunda sitiika mantha m'mutu mwa munthu, ukudziwa iwe. Ndinaganiza kuti mphepoyo ndi ya kanthawi, idutsa. Ndinangofuna kuti amve mawu okoma ochokera kwa iwe."

"Ndiye unandipangira mawu."

"Anamwetulira, Zenzi. Anati, wanenadi choncho? Ananyamuka akumwetulira."

Pamenepo mnyamata anakhala pabenchi n'kuyamba kulira ngati mwana. Ine chisoni chinandigwira pang'ono, koma ndinachithamangitsa.

"Misozi imeneyo ukakhetsere kwa amayi ako," ndinatero. "Kusitolo akuti mng'ono wanga ndi mfiti. Bambo akulephera kutsika kumudzi. Iwe uli pano ukunyowetsa benchi!"

"Alamu akunena zoona," anatero akupukuta m'maso. "Dzulo lilime linauma. Lero ndikawauza zonse."

Zenzi anafunsa kuti, "Madokotala akuti chiyani?"

"Za mipikisano zatha. Kuyenda akuti mwina, ngati mwini wake alimba mtima miyezi yambiri. Koma akukana kudya. Mayi akasendera pafupi akuwakankha, anamwinonso akuwatukwana. Supu wa m'mawa uno wamwa chifukwa ndamumwetsa ine. Akuti, achimwene, mwatsala ndinu nokha amene simunandinamizepo."

Zenzi anatembenuka n'kuyang'ana kutsidya, kumene amuna ena ankazula mbendera za mpikisano m'phiri. Anayang'ana nthawi yaitali mpaka ine mapazi anayamba kuzizira.

"Usawauze," anatero.

"Wapenga?" ndinakuwa.

"Achemwali, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Hedi akadziwa lero, agwira dzanja la ndani? Ine amadana nane kale, zimenezo anazizolowera. Mwina chidani chomwecho chimudzutsa, afune kudzandilavulira ali chiimire. Koma akadana ndi Rupert sadzukanso."

"Nanga dzina lako? Nanga la bambo?"

"Ayambe wayenda." Kenako anatembenukira kwa Rupert. "Tsiku limene adzaponde pansi ndi miyendo yake, udzawauza wekha, ine ndili pomwepo. Sindinakukhululukire, usanamizike. Koma sindinalekenso kukukonda, ndiye tsoka langa. Kufikira tsikulo tizikumana pano Lamulungu lililonse masana. Mphete ya chitomero sindivula."

Rupert anamugwira manja onse awiri n'kuwaika pankhope pake. Ine ndinalavula pachipale. Chikondi cha mtundu umenewu sindichimvetsa, ndipo mwina n'chifukwa chake mpaka lero ndili ndi ng'ombe zokha.

*

Pofika Lamulungu mbiri inali itazungulira chigwa chonse. A malipenga, amene anakonzekera kulandira mendulo ndi nyimbo, anatumiza mawu kuti woimba ng'oma wadwala chimfine. M'tchalitchi, benchi yathu imene masiku onse timapanikizana inali ndi malo okwanira kugonapo munthu. Wansembe anapempherera Hedi, analengeza za msonkhano wa ozimitsa moto, za mwambo wa phulusa wa Lachitatu, n'kutseka buku. Zenzi ankangozunguza mphete pachala. Bambo, amene sanalire ngakhale pa maliro a mayi athu, anamina kawiri mu mpango.

Titatuluka tinapatukira kumanda a mayi kuti anthu ayambe achoka pakhomo. Tili pomwepo, Irmi anatipeza, atavala chipewa chatsopano.

"Zenzi, pepa wee," anatero mofatsa. "Ine ndikudziwa kuti sunaname."

"Ukudziwa bwanji?"

"Ndinali nditagwada pamiyendo ya Hedi, ndikumutikita. Kawailesi kanali pamwamba pa mutu wanga. Adzuke, adzuke! Ndinamva bwinobwino."

Zonse za dzulo ndinaiwala. "Mulungu akudalitse, mwana iwe! Tiye, mayi Pirchner si awo ali pamasitepe, ukanene pamaso pa anthu!" Kenako mutu unayamba kugwira ntchito. "Tadikira. Unamva, n'kukhala chete mnzako akupita kukathyoka?"

"Ntchito yanga ndi miyendo, a Loni, za kawailesi ndi za eni ake. Ndinaganiza kuti mchimwene wake akudziwa chimene akuchita." Anakonza chipewa chija. "Kunena ndikhoza. Ndikhoza kupita kuchipatala lero lomwe n'kumuuza Hedi kuti amene anamuthyola msana ndi amene akumumwetsa supu. Koma ndikumumvera chisoni. Ndiye ndikhala chete, malinga ngati Rupert apatsidwa mtendere."

"Mtendere wanji?" anafunsa Zenzi.

"Dzulo ndinakuonani pa katchalitchi. Ndikadzakuonaninso limodzi, kaya pamenepo, kaya pamlatho, Hedi adzamva tsiku lomwelo. Telefoni ya kuhotela ndimayankha ndine masiku ano, usavutike nayo. Ndipo ukamuuza Rupert kuti ndanena izi, ndidzadziwa. Nkhope yake ija siisunga kanthu."

"Njoka iwe!" Ndinakweza buku la mapemphero, ndipo ndikanamuphulitsa nalo pamanda a mayi anga omwe Zenzi akanapanda kundigwiranso mkono.

"Sumukonda, Irmi," anatero mng'ono wanga. "Ukanamukonda sukanachita zimenezi."

"Iwe unamukonda, taona pamene wamufikitsa."

Anachoka akuponda bwinobwino pakati pa manda. Pamasitepe a tchalitchi panali poterera, ndiye anakawagwira mkono mayi Pirchner n'kuwatsitsa mosamala, anthu akuyamikira.

*

Kunyumba Zenzi sanakhudze chakudya. Nthawi yokumana ndi Rupert itakwana anavala chikhothi, nafika pakhomo, n'kuima atagwira chitseko. Anaima choncho mpaka nyumba yonse inazizira. Kenako anatseka, navula chikhothicho, n'kupita pamtsuko wa madzi. Mphete inakana kuvuka, anachita kuipaka sopo.

"Mukamupatse," anatero akuiika m'dzanja langa. "Chifukwa chake musamuuze. Lumbirani, achemwali."

"Tingomuuza, mwina iye adziwa chochita."

"Rupert? Akamva, madzulo ano akakalipira Irmi, ndipo mawa Hedi adziwa. Lumbirani pa mayi."

Ndinalumbira. "Nanga ndikamuuze chiyani?"

"Mukati ndaganiza bwino. Akakhulupirira. Akudziwa kuti chifukwa ndili nacho."

Pamenepo ndi pamene analira, kulira kwenikweni, nkhope ataibisa mu epuloni yanga yonunkha mkaka. Ndinamulera ndine mwana ameneyu mayi atamwalira, ndinamuona akuthyoka mkono, akuthyoka bondo, osatulutsa msozi. Tsiku limenelo ndinalira naye.

Ndinakwera ndekha. Rupert anali atasesa chipale pabenchi, atayalapo bulangete. Atandiona patali anathamanga kudzandichingamira, nkhope ikuwala.

"Alamu! Zenzi ali m'mbuyo? Ndili ndi nkhani yabwino. Hedi wagwedeza chala chakuphazi m'mawa uno! Ndinamugwira dzanja, ndinati yesa, mlongo wanga, chifukwa cha ine. Wagwedeza, alamu, dokotala waona ndi maso ake!"

Ndinakwera phiri lonse lija ndikukonza zophwanya lumbiro. Mawu anali pamlomo penipeni. Kachala kakuphazi kameneko ndi kamene kananditseka pakamwa. Ndinamugwira dzanja, n'kuikamo mphete, n'kumupinda zala.

"Sabwera," ndinatero. "Akuti waganiza bwino."

Anayang'ana mpheteyo nthawi yaitali. Inali ikadali ndi sopo.

"Dzulo lomweli anati savula. Sananene china? Ngakhale mawu amodzi, alamu?"

"Ndi zimene wandituma."

Zinali zoona, ndi zimene anandituma. Zotsalazo ndinazimeza. Ine amene ndinamutukwana mnyamata ameneyu kuchipatala chifukwa cha pakamwa, ndinaima pamaso pake ndi uthenga wodula pakati, ndipo sindinathe kumuyang'ana m'maso. Anabwerera pabenchi n'kukhala pa bulangete lija, mbali imodzi, ngati winayo akubwerabe.

Ndikutsika, pamene kanjira kamapanikizika pakati pa mpanda ndi chipale, ndinakumana ndi Irmi akukwera. M'manja anali ndi fulasiki ya tiyi ndi makapu awiri.

"Mwaswera bwanji, a Loni?" anatero akumwetulira. "Alipo kumtundako?"

Ndinayang'ana kumunsi. Pawindo la nyumba yathu panali Zenzi, ataima, akuona zonse. Manja anga ankayabwa, ndipo chipale cha m'mbalimo chinali chakuya mokwanira kumizamo munthu ndi chipewa chake chomwe. Koma ndinakumbukira kachala ka Hedi.

Ndinapatuka, ine Loni, n'kulowa m'chipale mpaka m'mawondo, kuti Irmi adutse.